Marathon ndamalizapo kawiri, kodi Ironman ndingaithe?

Funso: "Akochi, ndili ndi zaka 43, ndimagwira ntchito ya muofesi, ndili pabanja ndipo ndili ndi ana awiri. Marathon ndathamangapo kawiri, nthawi yanga yabwino ndi maola 4 ndi mphindi 10. Anzanga andikopa kuti tilembetse triathlon (mpikisano wosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga motsatizana) ya mtunda wautali, ija ya Ironman, ndipo kwatsala miyezi 9 kuti ichitike. Njinga ndili nayo, Loweruka lililonse timapalasa pagulu makilomita 50 kapena 60. Vuto langa ndi madzi. M'dziwe ndimasambira mamita 400 m'mphindi 11, kenako ndimagwira khoma kuti ndipume. Tsiku lina ndidayesa m'nyanja, mtima udagunda ngati utuluka, ndidabwerera kumtunda ndisanafike patali. Bambo anga adamwalira ndi matenda a mtima ali ndi zaka 54, ndiye mayi a kunyumba akuti ndikufuna kuwasiyira ana. Kuthamanga kokha sindikuda nako nkhawa. Kodi ndilembetse, kapena ndikudzinamiza?"

Yankho: Achimwene, simukudzinamiza ayi. Mukadzaima pagombe m'mawa wa tsiku la mpikisano wotere, mudzaona kuti akatswiri odyera masewerawa ndi ongowerengeka. Khamu lonselo ndi aphunzitsi, anamwino, amakaniko ndi anthu a m'maofesi ngati inu, amene amadzuka kudakali mdima kuti achite masewera asanapite kuntchito. Ndakonzekeretsapo ambiri a iwo, ndipo ena adabwera kwa ine osatha kusambira ngakhale theka la mtunda womwe mukusambira inuwo. Chomwe chandiimitsa m'kalata yanu n'chakuti nkhawa yonse mwaiunjika pa madzi, pomwe kuthamanga mwakutenga ngati nkhani yatha kale. Ine ndikuziona mosiyana. Madzi amagonja msanga kwa munthu wolola kuphunzitsidwa. Amene ndimawapeza atakhala m'mbali mwa msewu dzuwa litalowa, mutu uli pa mawondo, nthawi zambiri ndi aja odzidalira pa kuthamanga. Ndifikapo pamenepo, koma tiyambe ndi mawu a alamu anga, poti ndiwo olemera kuposa zonse mwalembazi.

Mantha awo ali ndi maziko. Kafukufuku wina wa ku America, wofalitsidwa mu 2017 m'magazini ya madokotala ya Annals of Internal Medicine, adasonkhanitsa nkhani za anthu 135 amene adamwalira kapena mtima wawo udaima pa mipikisano ya triathlon kuyambira 1985 mpaka 2016. Mwa iwo, 90 zidawagwera ali m'madzi, ndipo ambiri anali amuna a msinkhu wanuwu kupita m'tsogolo. Chiwerengerochi n'chochepa kwambiri, anthu osakwana awiri pa 100,000 alionse, choncho musachite nacho njenjenje. Koma pafupifupi theka la amene matupi awo adapimidwa adapezeka ndi vuto la mtima, ndipo vuto lotere limatha kukhala phee kwa zaka mwa munthu wooneka wathanzi. Marathon awiri aja sachotsa mfundo yakuti bambo anu adapita ali ndi zaka 54. Musanalipire chilichonse, pitani kwa dokotala, mukawauze za bambo anu ndi za mtunda womwe mukufuna kuchita. Akayeze kuthamanga kwa magazi, shuga ndi mafuta a m'magazi, akajambule kagundidwe ka mtima pa ECG, ndipo akaona kuti n'koyenera akakuyezeni mtima mukuchita masewera kapena akauunike ndi makina. Ngati mudamvapo kupweteka kapena kufinyika pachifuwa pothamanga, ngati mudakomokapo, kapena mtima udagundapo mosalongosoka popanda chifukwa, zinenereni komweko osabisa. Ndipo alamu anga muwatenge kuti akadzimvere okha. Miyezi 9 ya masewera m'nyumba momwe wina akugona ndi mantha simungaipirire.

Dokotala akakulolani, ntchito yomwe ili patsogolo panu ndi iyi: kusambira makilomita 3.8, kupalasa makilomita 180, kenako marathon yonse ya makilomita 42.2, zonse pamodzi makilomita 226, wotchi osaima ngakhale pomwe mukusintha zovala. Mitunda imeneyi sadaiwerengere madokotala kapena akatswiri a zamasewera. Mu February 1978 pachilumba cha Oahu ku Hawaii, John Collins, msilikali wa pamadzi wa ku America, ndi mkazi wake Judy adangolumikiza mipikisano itatu yomwe inalipo kale kumeneko, pofuna kuthetsa mkangano wakuti olimba kwambiri ndani pakati pa osambira, opalasa ndi othamanga. Adayamba anthu 15, adamaliza 12, ndipo Gordon Haller adapambana patatha maola 11 ndi mphindi 46. Onsewo sanali akatswiri olipidwa. Ndimakonda kukumbutsa ophunzira anga zimenezi akayamba kudziona ngati alendo pa masewerawa.

Chomwe muyenera kuloweza ndi malire a nthawi. M'mipikisano yambiri ya Ironman mumapatsidwa maola 2 ndi mphindi 20 kuti mutuluke m'madzi, maola 10 ndi mphindi 30 kuchokera poyambira kuti mukhale mutatsika panjinga, ndi maola 17 kuti mumalize zonse. Ina imapereka maola 16 kapena 15 okha, ndipo pamakhalanso malire a pakatikati pa njira, choncho werengani kabuku ka malamulo a mpikisano wanuwo.

Tsopano tiwerengere limodzi za madzi mukuwaopawa. Mamita 400 m'mphindi 11 ndiye kuti mamita 100 alionse akukutengerani mphindi 2 ndi masekondi 45. Mutasunga liwiro lomweli mtunda wonse, mungatuluke patatha ola limodzi ndi mphindi 45, malire akadali kutali. Liwiro muli nalo kale. Chikukugwiritsani khoma ndi kapumidwe. Anthu ochokera ku masewera othamanga amasunga mpweya m'chifuwa nkhope ili m'madzi, ndiye potembenuza mutu amafuna kutulutsa ndi kukoka nthawi imodzi. Mpweya woipa umachulukana m'magazi, ubongo n'kuyamba kukuwa kuti mukumira. Amamenyanso miyendo mwamphamvu ngati ali pamsewu, chonsecho minofu ya m'ntchafu ndi ikuluikulu, imadya mpweya wambiri koma m'madzi kukankha kwake n'kochepa. Kuwonjezera apo amadzutsa mutu, chiuno ndi miyendo n'kumira, thupi n'kumayenda ngati chitseko chokokedwa chopingasa. Zitatu zonsezi sizitha ndi khama, zimatha ndi maso a munthu wina. Pezani mphunzitsi wa kusambira akuoneni ali pamtunda, ngakhale maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi okha. Kenako muzilowa m'dziwe katatu pa sabata, mphindi 40 kapena 45. Kusambira pafupipafupi kumaphunzitsa thupi msanga kuposa tsiku limodzi lalitali, poti mukatopa mumangobwereza zolakwika zomwe mukufuna kusiya.

Zomwe zidakuchitikirani m'nyanja zija zimagwera anthu ambiri, ngakhale odziwa kusambira. Madzi ozizira akakhudza nkhope, thupi limakoka mpweya lokha mwadzidzidzi ndipo mtima umafulumira. Pansi sipaoneka, khoma palibe, ndipo pa mpikisano pamawonjezekera zigongono ndi mapazi a anzanu. Mankhwala ake ndi kuzolowera pang'onopang'ono. Lowani mpaka m'chiuno, viikani nkhope kangapo mukutulutsa mpweya, sambirani motsata gombe pamalo oti mutha kuima, ndipo musamapite nokha. Pazikhala wina wokuyang'anirani, ndipo mufunse odziwa madziwo za mafunde, maboti ndi zoopsa zina. Phunziraninso kudzutsa maso pang'ono pakapita kanthawi kuti muone chizindikiro cha kutsogolo, chifukwa m'nyanja mulibe mzere wa pansi ndipo ambiri amasambira mamita mazana owonjezera chifukwa chokhota. Pa tsikulo, nyowetsani thupi ndi kulitenthetsa musanayambe, imani kumbuyo kapena m'mbali, ndipo mamita 300 oyamba muwasambire ngati simuli pa mpikisano. Mantha akabwera, gonani chagada, yang'anani kumwamba, pumani mpaka mtima utakhazikika. Malamulo amalola kugwira kabwato ka achitetezo n'kupuma, bola kasakuyendetseni kupita kutsogolo.

Wetsuit, suti yothina ya mphira yovala posambira, imathandiza kwambiri munthu wa miyendo yomira ngati inu, chifukwa imayandamitsa. Koma ku Ironman ochita masewera wamba amaloledwa kuivala mwa nthawi zonse madzi akakhala osapitirira madigiri 24.5, ndiye musamange chiyembekezo chonse pa iyo. Muiyeserenso kangapo lisanafike tsikulo, poti ikathina pachifuwa imayambitsa mantha omwe aja. Pali chinthu chimodzi chomwe simuyenera kulimbana nacho: mukayamba kubanika mosaleka ngakhale mwapuma, kukhosomola, m'chifuwa mukulira, kapena kulavula thovu lofiirira, ndiye kuti madzi a m'thupi angakhale akulowa m'mapapo. Kwezani dzanja, tulukani, kaonaneni ndi achipatala.

Pagona nkhani ndi panjinga. Pamenepa mudzakhalapo maola 6 ndi theka, 7 kapena kuposa, pafupifupi theka la tsiku lonse, ndipo momwe mudzathamangire madzulo zimagamulidwa pachishalo masana. Ndilankhule za ine mwini. Pa mpikisano wanga woyamba wa mtunda uwu ndidatuluka m'madzi ndili wosangalala kuti ndapulumuka, miyendo ili yopepuka chifukwa ndinali nditapuma masabata awiri. Pa chitunda chilichonse ndinkaimirira n'kudutsa anthu, mumtima ndikuwaseka kuti adabwera kudzatani kuno. Panjinga ndidafulumira ndi mphindi 15 kuposa zomwe ndidakonza. Nditafika pa kilomita ya 18 ya marathon miyendo idakana, ndipo aja ndinkawaseka adandidutsa mmodzimmodzi, ena akundisisita paphewa. Masamu ake ndi osavuta: wothamanga pang'onopang'ono amatha kilomita m'mphindi 7, woyenda wotopa amaitha m'mphindi 11. Mukayenda makilomita 15 okha mwataya ola lathunthu pofuna kupindula mphindi 15. Kuthamanga sikufika, adanena akuluakulu, ndipo ine ndidazimvetsa usiku umenewo.

Ndiye liwiro loyenera ndi liti? Maola awiri oyamba muzipalasa moti mutha kulankhula ziganizo zathunthu popanda wefuwefu, ndipo muzimva ngati mukuchita ulesi. Anthu azikudutsani, alekeni. Pa zitunda tsitsani giya, khalani pachishalo, zungulizani miyendo mopepuka. Ngati muli ndi wotchi yoyeza kugunda kwa mtima, dziikireni malire kuchokera pa maulendo anu ataliatali ndipo musawadutse, ngakhale miyendo ikukunyengererani chotani. Mutatuluka m'madzi pa ola limodzi ndi mphindi 45 n'kutha mphindi 10 mukusintha, mukufunika makilomita 21 pa ola kuti mukwanitse malire a njinga. Koma musalinge pa malire enieniwo, chifukwa mungatsale ndi maola 6 ndi theka okha a marathon, ndipo kuyenda kokhakokha sikungakufikitseni pa nthawi.

Maulendo anu a Loweruka aja akukunamizani pang'ono. Pagulu mumabisala kumbuyo kwa anzanu, mphepo n'kumagwera wa kutsogolo, pomwe pa mpikisanowu zimenezo n'zoletsedwa. Mumayenera kusiya mamita 12 pakati pa inu ndi wa kutsogolo, ndipo mukafuna kumudutsa muli ndi masekondi 25. Mukaphwanya lamuloli amakuonetsani khadi n'kukuimitsani mphindi zingapo m'tenti ya chilango. Choncho maulendo ambiri ataliatali muzipalasa nokha, mphepo ikukumenyani kumaso, kuwonjezera pang'onopang'ono kuchokera pa maola awiri mpaka mutafika maola 5 kapena 6 kangapo. Maganizo nawo amafunika kuzolowera kukhala okha nthawi yaitali chotero. Za njinga yokwera mtengo zisakusowetseni tulo. Yomwe muli nayoyo ikwanira, bola munthu wodziwa akuyezereni kutalika kwa chishalo ndi kutalikirana kwake ndi chiwongolero, chifukwa cholakwika chaching'ono chosamveka pa makilomita 50 chimasanduka bondo lotupa kapena khosi louma pa makilomita 150. Mukafuna kuwonjezera timikono togonera tija totchedwa aerobar, ikani msanga kuti msana uzolowere. Phunziraninso kusintha chubu ndi manja anu mpaka muzichita osaganiza, poti kulandira thandizo kwa achibale kapena anzanu a m'mbali mwa msewu n'koletsedwa. Ndipo helimeti imangidwe musanachotse njinga pamalo pake.

Kudya ndiwo masewera achinayi, ndipo ndi pomwe odziwa marathon amapunthwa kwambiri. Marathon ya maola 4 mutha kuimaliza ndi madzi ndi gel (timapaketi ta shuga wonga phala) ziwiri zitatu. Thupi limasunga shuga wa mphamvu pafupifupi magalamu 500 m'minofu ndi m'chiwindi, zomwe ndi makalori pafupifupi 2,000, pomwe tsiku la Ironman limatha kudya makalori 8,000 mpaka 10,000. Mbali yaikulu imachokera ku mafuta a m'thupi, makamaka mukamapita modekha, koma shuga akatheratu ubongo ndi miyendo zimazima pamodzi. Ambiri adaonapo kanema wa Julie Moss pa Ironman ya ku Kona, ku Hawaii, mu 1982. Anali patsogolo pa amayi onse, adagwa pafupi ndi pomalizira, Kathleen McCartney n'kumudutsa, iye n'kumaliza chokwawa. Kanemayu adakopa anthu ambiri kulowa masewerawa ndipo kulimba mtima kwake n'kosakayikitsa, koma ine ndikamauonetsa ophunzira anga ndimawauza kuti aonetsetse momwe thupi limakhalira mphamvu zikatheratu.

Panjinga lingani magalamu 60 mpaka 90 a chakudya cha shuga pa ola lililonse. Gel imodzi imakhala ndi magalamu 20 mpaka 25, nthochi yapakatikati chimodzimodzi, ndipo chakumwa cha ochita masewera chimawonjezerapo. Matumbo ali ndi malire a shuga wa mtundu wa glucose yemwe angalowetse pa ola, n'chifukwa chake zakudya zosakaniza glucose ndi shuga wina wotchedwa fructose zimalola kufika chakumtunda kwa mlingowu. Yambani pakatha mphindi 15 kapena 20 mutakwera njinga, m'mimba mutakhazikika, ndipo muzidya pang'onopang'ono mphindi 20 zilizonse, ngakhale njala isakumvekeni. Njinga ndiyo tebulo lanu lodyera, chifukwa pothamanga mimba imagwedezeka ndipo imalandira zochepa. Mimbanso imaphunzitsidwa ngati miyendo. Yambirani pa magalamu 40 pa ola m'maulendo anu ataliatali n'kumakwera, ndipo fufuzani zomwe adzagawe pamalo othandizira kuti muziyeseretu. Chakudya chachilendo pa tsiku la mpikisano ndicho chimapangitsa anthu kuima pamzere wa chimbudzi m'malo mothamanga. Mimba ikauma n'kuyamba nseru, chepetsani liwiro, siyani zotsekemera kwa mphindi zingapo, imwani timadzi pang'ono. Nthawi zambiri chimachititsa ndi liwiro lomwe labera mimba magazi.

Pa zakumwa, upangiri wakale wakuti imwani kwambiri momwe mungathere udapweteka anthu. Munthu akamwa madzi ochuluka kuposa omwe akutaya, mchere wa sodium umasungunuka m'magazi mpaka kutsika pansi pa 135 pa muyeso wa kuchipatala, ndipo amayamba kupweteka mutu, kusanza, kutupa manja ndi kusokonezeka maganizo. Zikafika poipa ubongo umatupa ndipo munthu atha kufa. Amene zimawagwera kawirikawiri ndi anthu apang'onopang'ono amene amakhala panjira nthawi yaitali akumwa pa tebulo lililonse. Dziyezeni nokha: kwerani sikelo musanapalase ola limodzi ndiponso mutamaliza, kilogalamu iliyonse yotayika ndi pafupifupi lita imodzi ya thukuta, ndipo muwonjezerepo zomwe mwamwa panjira. Chitani zimenezi kukutentha ndi kukuzizira, mudzadziwa mlingo wanu. Simuyenera kumaliza mpikisano muli olemera kuposa momwe mudayambira. Mchere umene anthu amataya m'thukuta umasiyana kwambiri, ndipo ngati zovala zanu zimayera zikauma, mufunika zakumwa za mchere wochulukirapo. Mapiritsi opha ululu a mtundu wa ibuprofen musawamwe pa tsikulo. Impso zimakhala zili kale pa mavuto chifukwa cha kutentha ndi kuchepa kwa madzi, ndipo mapiritsiwa amawonjezera moto.

Tsopano marathon yanu ija. Iwalani maola 4 ndi mphindi 10. Mutapalasa mwanzeru n'kudya bwino, maola 5 kapena 5 ndi theka angakhale tsiku labwino kwambiri. Chodabwitsa n'chakuti makilomita oyamba miyendo imamveka yolemera koma wotchi imaonetsa kuti mukufulumira, chifukwa maso azolowera liwiro la njinga. Dzigwireni, makilomita 10 oyamba akhale ochedwa kuposa momwe mtima ukufunira. Ine ophunzira anga onse oyamba kumene ndimawauza kuti aziyenda pamalo aliwonse othandizira, kuyambira oyamba enieni, amwe bwinobwino, adzithire madzi kukatentha, kenako ayambenso kuthamanga. Kuyenda komwe mwasankha nokha kumatha masekondi 30, koma kokukakamizani kumatha maola. Pokonzekera, musathamange marathon yathunthu. Ulendo wautali wa maola awiri ndi theka, osapitirira atatu, ndi wokwana, poti kupirira kwambiri mukutenga panjinga pomwe mafupa sakumenyeka. Kamodzi pa sabata, mukangotsika panjinga valani nsapato n'kuthamanga mphindi 20 kapena 30, zomwe timazitcha brick, kuti miyendo idziwe kusintha kumeneku. Anthu ngati inu ndimachita kuwaletsa kuthamanga, chifukwa amathawira ku zomwe amadziwa n'kumazemba dziwe.

Za nthawi ndinene mosabisa. Mudzayamba ndi maola 8 kapena 9 pa sabata, n'kukwera mpaka 13 kapena 15 kwa masabata angapo chakumapeto, ndipo gawo lalikulu likhale la pang'onopang'ono. Sabata yachitatu kapena yachinayi iliyonse muzichepetsa kuti thupi limange zomwe mwaphwanya, ndipo masabata awiri kapena atatu omaliza muchepetse kwambiri. Maola amenewa amachoka penapake. Akachoka ku tulo mudzadwala, akachoka kwa ana mudzamva mawu, ndipo oyenera. Khalani pansi ndi alamu anga muli ndi kalendala, muwaonetse Loweruka lomwe mudzasowe m'mawa wonse, mugwirizane tsiku limodzi pa sabata lopanda masewera. Sabata ina ikasokonekera chifukwa cha ntchito kapena mwana wadwala, isiyeni ipite, musaibweze pounjika maola sabata yotsatira.

Pali zizindikiro zomwe zikaoneka muyenera kuleka n'kufunsa achipatala. Ululu wa pa fupa, pamalo amodzi oti mutha kuloza ndi chala, makamaka pa msongolo, paphazi kapena m'chiuno, umene ukukula mukamathamanga, ungakhale fupa layamba mng'alu. Kutopa kosatha kwa masabata, kusowa tulo, kupsa mtima msanga, kuonda mosafuna ndi kudwaladwala zimasonyeza kuti mukuchita zambiri kapena mukudya zochepa, ndipo ndi bwino kuyezetsa magazi. Thupi likatentha ndi matenda, musachite masewera ndipo musapikisane ngakhale mwalipira kale, chifukwa tizilombo tina timatupitsa mnofu wa mtima. Pa tsiku lenilenilo, kupweteka pachifuwa, chizungulire chosatha, kusadziwa pomwe muli kapena kuyenda dzandidzandi ndi zifukwa zoimira pomwepo. Mukamaliza, mkodzo ukakhala wakuda ngati tiyi wopanda mkaka kapena ukasiya kutuluka, pitani kuchipatala usiku womwewo, musadikire kucha.

Ndiye mulembetse? Mukadakhala mng'ono wanga wa bere limodzi ndikadati chaka chino chitani theka lake, lija amalitcha 70.3, la makilomita 1.9 m'madzi, 90 panjinga ndi 21.1 pothamanga, mtunda wonse mudzaupite chaka chamawa. Palibe akukuthamangitsani. Madonna Buder, sisitere wa ku America, adamaliza Ironman ku Canada mu 2012 ali ndi zaka 82. Koma ndikudziwa kuti anzanu akalembetsa mtima sungakhale pansi, ndipo miyezi 9 ndi yotheka kwa munthu wokhala ndi maziko ngati anuwa. Ngati mutsimikize, dziikireni mayeso omwe simudzakambirana nawo. Pakatha miyezi itatu muzisambira mamita 1,500 m'dziwe osagwira khoma kuti mupume. Pofika mwezi wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi mukhale mutachitapo mpikisano wamfupi m'madzi a m'nyanja pakati pa anthu, ngati n'kotheka wa theka uja. Kutatsala masabata 6 mpaka 8 mukhale mutasambirapo makilomita 3 kunja kwa dziwe mtima uli m'malo, ndiponso mutapalasa maola 5 ndi theka nokha n'kuthamanga mphindi 30 pamwamba pake muli ndi mphamvu zotsala. Chimodzi mwa izi chikakanika, sunthani mpikisano. Pachifukwa chimenechi, musanalipire werengani bwino zomwe okonza amalola pa kusintha tsiku kapena kubweza ndalama, poti malamulo awo amasiyana ndipo ambiri sabweza zonse.

Sabata ino musagule chilichonse. Pezani tsiku la kwa dokotala, pezani mphunzitsi wa kusambira, ndipo Loweruka likubwerali asiyeni anzanu apite pagulu, inu mupalase nokha maola awiri ndi theka, mukudya mphindi 20 zilizonse. Mukatero mundilemberenso, mundiuze zomwe dokotala wanena ndi mamita omwe mwafika osagwira khoma, kuti tiyale masabata anu oyamba.